Za Guwa la Akufa m'Dziko la Mexico

M'dziko la Mexico muli mwambo wakuti caka ndi caka, pa 1 ndi pa 2 November, mabanja amanga guwa m'nyumba kuti alandirirepo akufa ao. Tsiku loyamba ndilo la ana, laciwiri la akuru. Eni ace alicha guwalo ofrenda, ndiko kunena copereka. Sapherapo nyama ai, koma ayalapo zakudya monga ayenera kucitira mlendo wocokera kutali. Anthu ophunzira atsutsana ngati mwambowu uli wa makolo a dzikolo kapena wa Aspanya. Ife tiyesa kuti mlanduwo uweruzidwa ndi zinthu za paguwa pomwepo.

Asanafike Azungu, mtundu wa Aaztec unakhulupirira kuti wakufa ayenda ulendo wa zaka 4 kufikira ku Mictlan, mudzi wa akufa, ndi kuti garu amuolotsa pamtsinje. Cotero abale ace anampatsa kamba wa panjira, namfukizira utomoni wonunkhira wochedwa copal. Wansembe Diego Durán analemba kuti anthuwo anali nao maphwando awiri, la ana akufa ndi la akuru, ca m'mwezi wa August.

Tsono m'caka ca 1521 Hernán Cortés anagonjetsa mzinda wao wa Tenochtitlan, ndipo mu 1524 munafika amishoni 12 a gulu la Francisco Woyera. Iwowa anadza ndi masiku awiri a Mpingo wa Aroma, la Oyera Onse ndi lopempherera mizimu ya akufa. Maphwando akale analetsedwa, koma anthu sanaleke kukumbukira makolo ao. Anangosamutsira zopereka zao ku masiku acilendowo.

Tiyeni tipenye za paguwa. Maluwa acikasu ochedwa cempasúchil, dzina la ciNahuatl lotanthauza maluwa makumi awiri, ali a dzikolo. Awaza masamba ace kuyambira pakhomo kuti mzimu usasokere. Copal yemwe ali wa dzikolo, ndi cimanga cimene aphika naco mikate yokulunga m'makoko. Pakuti cimanga, cimene ifenso tidya, kwao nkomweko. Koma mtanda ndi makandulo zinadza ndi Aspanya, monganso tirigu ndi nzimbe. Ndi tirigu aphika mkate wa akufa, nayalapo timizere tonga mafupa. Ndi suga aumba tizigaza ta mitu, nalemba dzina la munthu pamphumi. Pamwamba apacika mapepala opyapyala a maonekedwe osiyanasiyana, oboola ndi cisulo cakuthwa. Pambali aika madzi ndi mcere, poti waulendo afika ndi ludzu.

Zina zinaonjezedwa pambuyo pace. Mmisiri José Guadalupe Posada, amene anamwalira mu 1913, anasema cithunzi ca cigaza ca mkazi cobvala cipewa ca madona, kuseka iwo onyoza mtundu wao ndi kudziyesa Azungu. Diego Rivera anacijambulanso pakhoma mu 1947, ndipo lero cidziwika ndi dzina lakuti Catrina. Mu 2008 bungwe la UNESCO linalemba mwambowu m'kaundula wa cuma ca anthu onse.

Tiona tsono kuti guwali siliri la Aaztec okha, kapena la Aspanya okha. Wofuna kucotsapo za mtundu umodzi adzatsala ndi gome lausiwa, ndipo agogo ace pofika sadzalizindikira.