Kope la masamba 100 enieni

Pachipata cha Songwe, pomwe mathiraki ochokera ku Dar es Salaam amandanda kudikira a MRA, aliyense ali ndi foni m'manja. Koma ngongole ya mpunga wa Kilombero, kapena ndalama zomwe wosintha makwacha ndi mashilingi wabwereketsa mnzake wa ku Kasumulu, zimalembedwabe m'kope. Likathothoka chikuto, mlandu wayamba.

Chikuto chomwecho ndicho chinayambitsa kampani ya Kokuyo ku Japan. Mu 1905, Zentaro Kuroda, mnyamata wochokera ku Toyama, anatsegula kashopu mumzinda wa Osaka. Sankapanga makope athunthu ayi. Ankangomata zikuto za mabuku owerengeramo ndalama, n'kuzigulitsa kwa opanga mabukuwo. Inali ntchito yonyozeka, ya phindu lochepa, yomwe amalonda akuluakulu ankaisiyira osauka. Iye anaigwira ndi mtima woti ngakhale zotsalira za ena zingathandize anthu ngati zapangidwa bwino.

Patapita zaka zochepa anayamba kupanga mabuku onse yekha, ndipo apa ndi pomwe nkhani yake imandikoka. Masiku amenewo buku lotchedwa la masamba 100 linkawerengedwa pamodzi ndi mapepala a chikuto, moti olembapo ankatsala 96. Aliyense ankadziwa, palibe ankadandaula. Kuroda anaika masamba 100 enieni. Amene anagulako mpunga pandowa yophwanyidwa pansi mwadala akudziwa kuti masamba anayi si nkhani yaing'ono. Wamalonda wa ku Osaka naye ankawerenga.

Dzina la Kokuyo analitenga mu 1917. Limatanthauza ulemu wa kwathu, ndipo kwathuko sikunali Japan yense koma dera lomwe anabadwira. Ankafuna kuti a kwawo asachite naye manyazi, ngati momwe mwana wa kwa Kyungu amaganizira akapita kukagwira ntchito ku Joni.

Zotsatira zake ndi za makampani onse aakulu: mipando ndi matebulo a mu ofesi, kope la ana asukulu la Campus mu 1975, kenako kugula gawo lalikulu la kampani ya Camlin ya ku India mu 2011.

Ku Songwe, mayi wina wogulitsa makope ndinamuona akutsegula katoni yongowoloka kumene mlatho. Asanalipire wonyamula, anatenga limodzi, nanyowetsa chala, n'kuyamba kuwerenga masamba.