Tsoka la ku El Cobre

Dziko la Chile, ku South America, lifanana ndi Zambia pa cinthu cimodzi: cuma cace cacikulu ndico mkuwa. Koma lisiyana ndi Zambia pa cinthu cina, pakuti kumeneko cibvomezi cacikulu si cacilendo. Kumpoto kwa mzinda wa Santiago kuli mgodi wa mkuwa wochedwa El Soldado, ndipo m'cigwa ca kunsi kwa mgodiwo munali mudzi wa anchito ndi mabanja ao, dzina lace El Cobre. Dzinali m'cinenero ca Cisipanishi litanthauza mkuwa.

Munthu ali yense wa ku migodi adziwa kuti mkuwa uli pang'ono cabe m'mwala umene aukumba. Mwalawo aupera ndi makina kufikira ukhala ngati ufa, nausanganiza ndi madzi, nacotsamo mkuwa. Zotsala ndizo matope a mcenga wosalala, ndipo matopewa ndi ambiri koposa. Eni mgodi ayenera kupeza powataya, cotero amanga damu. Ku El Cobre madamu a matope anali pamwamba pa mudzi, ndipo cipupa ca damu lakale cinali citapitirira mamita 30 kutalika kwace.

Kamangidwe kace kanali kotere. Damu likadzala, anchito anali kutenga mcenga wa m'matope omwewo ndi kukweza nao cipupa. Cipupa catsopano sanali kucimanga pa nthaka yolimba ai, koma cam'kati, pamwamba pa matope akale amene anali asanaume. Njira iyi inali yosadya ndalama zambiri, ndipo pa zaka zambiri cipupa cinaima bwino. Kunja cinali kuoneka couma ndi colimba, koma m'kati mwace munali modzala madzi.

Pa 28 March, 1965, tsiku la Sondo, nthawi itangopitirira 12 koloko masana, cibvomezi cacikulu cinagwedeza dera lonse la pafupi ndi tauni ya La Ligua. Popeza silinali tsiku la nchito, anthu ambiri a ku El Cobre anali pa makomo pao. Nthaka itagwedezeka, zipupa za madamu zinagumuka. Matope oposa matani 2 miliyoni anatsikira m'cigwa, nayenda mtunda wa makilomita 12 pa mphindi zowerengeka. Mbali yaikulu ya mudzi inakwiririka, ndipo anthu oposa 200 anafa. Mitembo yambiri siinapezeke konse, cifukwa matope anaiphimba mozama. Tsiku lomwelo madamu a migodi ina ya m'deralo anagumukanso.

Kodi mcenga umene unaima zaka zambiri unasanduka bwanji cigumula? Mwana amene asewera pa mcenga wonyowa m'mbali mwa mtsinje adziwa yankho lace. Akaimapo cete mcengawo umnyamula, koma akapondaponda msanga madzi akwera pamwamba, mcenga ufewa, ndipo mapazi ace amira. Timiyala ta mcenga tigwirana tokhatokha, ndi madzi ali m'mipata ya pakati pace. Cibvomezi cikagwedeza, timiyalato tifuna kupanikizana, koma madzi alibe kothawira msanga. Pamenepo kulemera konse kukhala pa madzi, timiyala tileka kugwirana, ndipo mulu wonse uyenda ngati phala. Cotero cibvomezi cinangogwetsa cinthu cimene madzi ndi kamangidwe koipa zinali zitafooketsa kale.

Cobvutitsa mtima ncakuti cenjezo linalipo. Pa 1 December, 1928, cibvomezi ca ku Talca cinagumula damu la matope la Barahona, pa mgodi wa El Teniente m'dziko lomwelo, ndipo anthu 54 anafa. Panapita zaka 36 ndi miyezi ingapo, koma madamu anali kumangidwabe mwa njira yakale, ndipo nyumba za anchito zinali kunsi kwace. Maliro a ku El Cobre ndiwo anasintha zinthu. M'caka ca 1970 boma la Chile linaika lamulo la kamangidwe ka madamu a matope, ndipo njira yokweza cipupa pamwamba pa matope onyowa inaletsedwa. Madamu akulu a masiku ano kumeneko amangidwa ndi cipupa cokula cakunja, pa nthaka yolimba, ndi ngalande zocotsa madzi pansi pace.

M'caka comweco ca 1970 Zambia inaona tsoka la mtundu womwewo. Pa 25 September, ku Mufulira, matope a mgodi amene anatayidwa pamwamba pa malo okumbidwa pansi anabowola nthaka nalowa mu mgodi usiku, ndipo anchito 89 anafa. Ku Mufulira kunalibe cibvomezi. Matope odzala madzi anangopeza njira yotsikira, monga akulu anena kuti madzi saiwala khwawa.

Phunziro lomweli likhudza migodi yokumba poyera, monga mgodi wa mkuwa wa Nchanga ku Chingola ndi mgodi wa malasha wa ku Maamba. M'migodi yotere zipupa za dzenje ndi miulu ya dothi lotayidwa ziima mwa lamulo limodzi: zikatsetsereka kwambiri, kapena madzi akalowa m'ming'alu yace, mphamvu yace icepa. Ndico cifukwa cace mainjiniya adula zipupa m'makwerero, akumba ngalande pamwamba pa dzenje, apopa madzi a m'nthaka, ndipo ayesa tsiku ndi tsiku ngati cipupa cayamba kusuntha. Ku Maamba kusamala kotere kuli ndi cifukwa cina, pakuti cigwa ca Zambezi cimagwedezeka: m'mwezi wa September, 1963, nyanja ya Kariba itadzala, kunacitika zibvomezi zimene zinamveka kutali.

Palibe munthu angaletse cibvomezi, kapena kunena tsiku lace. Koma madzi a m'cipupa angacotsedwe, ndipo nyumba zingamangidwe kutali ndi njira ya matope. Kawirikawiri woyamba kuona mng'alu watsopano pamwamba pa cipupa, kapena madzi otuluka pamene panali pouma, ndiye wanchito wa pamalopo. Akanena msanga kwa kapitao, ndipo kapitao akamumvera, anthu a kunsi apeza nthawi yocoka. Anthu a ku El Cobre nthawi yotere sanaipeze.