Mphala, Kuka ndi Kulera Achinyamata ku Domwe

Angoni a Maseko atakhazikika mozungulira phiri la Domwe, m'dera la Angónia ku Mozambique, cha m'ma 1870, pobwerera kuchokera ku Songea motsogozedwa ndi Chidyaonga, anapeza Achewa amene ankawerengera mtundu kuchikazi pomwe iwo ankawerengera kuchimuna, komabe mitundu iwiriyi inkagwirizana pa mfundo yakuti mwana akasinkhuka sagonanso m'nyumba ya makolo ake. Anyamata ankasamukira kumphala kapena kugowelo, nyumba imene Angoni ankaitcha laweni, kumene okulirapo ankalanga ang'onoang'ono ndi kuwaphunzitsa kuweta ng'ombe, pomwe atsikana ankapita kukuka, ndiye kuti nyumba ya agogo aakazi, amene ankadziwa amene walowa mochedwa ndiponso amene watuluka usiku.

Mtsikana akatha msinkhu sankauza mayi ake mwachindunji, poti mwambo sunkalola kholo kukamba za thupi ndi mwana wobereka lokha. Nkhaniyo inkafika kwa namkungwi, mayi wamkulu wolangiza anamwali, ndipo mtsikanayo ankapatsidwa phungu womuyang'anira pa chinamwali. Iye ankauzidwa kuti asathire mchere m'ndiwo pamene ali kumwezi, ndipo makolo nawonso ankayenera kudziletsa kugona pamodzi mpaka mwambo utatha, poopa mdulo, matenda amene ankakhulupirira kuti amagwira munthu wina akaswa malamulo a kugonana. Apa mpamene panagona mphamvu ya dongosololi, chifukwa chitetezo cha mwana chinkamanganso akuluakulu, ngakhale kuti chinamwali chomwecho chinkaonetsa mtsikana wamng'ono ngati wokonzeka kukwatiwa, ndipo ambiri analowa m'banja thupi lisanakhwime.

Malire a 1891 anagawa anthu amodzi pakati pa Apwitikizi ndi Angerezi, kenaka chibalo ndi maulendo okafuna ntchito ku Rhodesia ndi ku Joni zinachotsa abambo ndi atsibweni m'midzi kwa zaka zambiri, pamene ansembe a ku mishoni ya Lifidzi ankalimbana ndi gule wamkulu, amene ankalangiza anyamata a Chichewa kudambwe. Koma chimene chinapasula kwambiri mphala ndi kuka ndi nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, makamaka kuyambira 1986, pamene midzi ya Angónia inathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, anyamata ena n'kugwidwa kuti akanyamule katundu kapena mfuti. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, mabanja ambiri anabwerera opanda agogo amene ankasunga kuka.

Mu 2019 boma la Mozambique linakhazikitsa lamulo loletsa ukwati wa aliyense wosakwana zaka 18, ndipo limapereka chilango kwa kholo kapena mfumu yovomereza ukwati wotero. Lamuloli linabwera kudzakonza chimene chinamwali chinalakwitsa, koma ntchito yoyang'anira mwana usiku ndi usana, imene kale inali ya mudzi wonse, m'mabanja ambiri yatsalira mayi, amene mwambo sumulolabe kukamba nkhanizi ndi mwana wake.