Mmene Makalata a Kompyuta Anafikira Kuseri kwa Kalingalinga



Munthu akayenda m'mawa pa mseu wa Alick Nkhata, pamene mseuwo ulambalala komboni ya Kalingalinga, makutu ace amadzala ndi phokoso la nyundo ndi la makina oocherera zitsulo. Amisiri a kumeneko amayala nchito zao m'mbali mwa mseu: mafelemu a zitseko ndi a mazenera, mageti, mabedi ndi mbaula. Ambiri a inu mudziwa kuti mseuwo unalandira dzina la woyimba ndi muulutsi wa pa wailesi amene makolo athu anali kumumvera pa kawailesi kaja ka Saucepan Special, kamene kanayamba kugulitsidwa m'caka ca 1949 pa mtengo wa mapaundi 5. Koma lero sindifuna kukamba za wailesi. Ndifuna kukamba za amisiri ena amene anagwira nchito yao kutsidya lina la komboni yomweyo, pa Yunivesite ya Zambia, popanda phokoso liri lonse, kotero kuti anansi ao a m'Kalingalinga sanadziwe cimene cinali kusulidwa kumeneko. Iwowa ndiwo anayamba kulumikiza dziko lathu ku intaneti.

Poyamba tiyenera kumvana za mau amodzi. Kompyuta payokha ndi citsulo cabe, cosadziwa kanthu. Cimene cimaipatsa nchito ndi pulogramu, ndiko kunena mndandanda wa malangizo amene munthu walemba, ouza makinawo coyamba kucita, cotsatira, ndi cocita zinthu zikalakwika. Inu a ku migodi mudziwa kuti cikepe sicitsika mwa kufuna kwace. Cimamvera mabelu a woimba belu, ndipo belu liri lonse liri ndi tanthauzo lace. Wolemba mapulogramu ndiye woimba mabelu a kompyuta.

Tsono m'caka ca 1984 mnyamata wina wa ku America, dzina lace Tom Jennings, analemba pulogramu yakuti makompyuta a anthu wamba azitumizirana makalata pa nthambo za lamya. Anaicha Fido, dzina limene Azungu akonda kupatsa agaru, ndipo gulu la makompyuta olankhulana mwa njira imeneyi linachedwa FidoNet. Iye sanali kuganiza za Afrika ai. Anali kufuna kupulumutsa ndalama zace ndi za anzace, pakuti kuimba lamya kutali kunali kodula. Cifukwa cace pulogramuyo inali kusonkhanitsa makalata onse a tsikulo, nkuwapanikiza m'mtolo umodzi waung'ono, ndipo usiku, pamene mtengo wa lamya watsika, kompyuta inali kuimbira inzace, kupereka mtolo wace, kulandira wa kumeneko, nkudula lamya pasanathe mphindi zambiri. Agogo athu akadaizindikira msanga njira imeneyi, pakuti ndi yomwe ija ya amtengamakalata a kale, amene anali kuthamanga ndi thumba kufika pa malire, nkulipereka kwa mnzao wa tsidya lina.

Cimene cinakomera munthu wosunga ndalama ku America cinakomeranso ife, pa cifukwa cina. Nthambo za lamya za masiku amenewo, zimene zinali m'manja mwa PTC, zinali zaphokoso ndipo zinali kuduka kawirikawiri. Pulogramu yofuna kuti lamya ikhale yotseguka maora ambiri ikadalephera kuno. Koma iyi inali yoleza mtima: lamya ikaduka, inali kuimbanso, ikadukanso, inali kudikira nkuyesanso, yosatopa, yosanyinyirika. Ndiponso sinali kufuna makina akuru. Kompyuta wamba ya pa tebulo, kabokosi kochedwa modemu kosandutsa zolemba kukhala kulira kwa pa lamya, ndi nthambo imodzi, zinali zokwanira.

M'caka ca 1991, caka comwe cija Bambo Chiluba anapambana Bambo Kaunda pa masankho, a m'cipinda ca makompyuta ca pa Yunivesite, motsogozedwa ndi Bambo Mark Bennett, anaika pulogramu ya mtundu wa Fido pa makina ao. Bungwe la ku Canada la IDRC linathandiza, pofuna kuti mayunivesite a ku Zambia, Zimbabwe, Tanzania, Kenya ndi Uganda azilemberana. Ine pa nthawiyo ndinali pamsana pa amai, cotero zimene ndikuuzani ndi za m'mabuku ndi za akuru. Posacedwa mitolo ya makalata a ku Lusaka inayamba kupitira ku Rhodes University, mu mzinda wa Grahamstown umene lero uchedwa Makhanda, kumene Bambo Mike Lawrie ndi anzace anali atatsegula kale njira yopita ku America. Taonani zodabwitsa za mbiri: Lusaka, amene anasunga atsogoleri a ANC zaka zambiri ndi kusauka cifukwa ca iwo, anatumiza makalata ace a pa kompyuta kudzera ku South Africa yomweyo, ulamuliro wa tsankho usanathe.

Aphunzitsi a pa Yunivesite ndiwo anayamba kulemba. Madokotala, mabungwe ndi maofesi ena a Boma anatsatira. Munthu anali kulemba kalata yace pa kompyuta ya mu ofesi mwace lamya iri yotseka, ndipo akatha, makina ace anali kuimbira a pa Yunivesite nkusiya kalatayo kumeneko. Yankho locokera ku London, limene pa positi likadatha masabata, linali kufika mawa lace. Ogwiritsa nchito anacuruka kufikira makinawo analema, monga amacitira mjigo umodzi pa komboni yonse.

Apa mpamene Yunivesite inapanga kampani yace, ZAMNET, m'caka ca 1994. World Bank inathandiza ndi ndalama, ndipo anabwereka nthambo ya lamya yosatsekedwa usana ndi usiku, yocokera ku Lusaka kufika ku Cape Town. Pa 22 November 1994 Zambia inalowa pa intaneti yeniyeni. Inali dziko lacisanu mu Afrika yense, ndipo kumwera kwa cipululu ca Sahara ndi South Africa yokha imene inatitsogolera. Zilembo ziwiri zija, zm, zimene muona kumapeto kwa makeyala a pa intaneti a kuno, ZAMNET ndiyo inazisunga zaka zambiri zisanapite m'manja mwa ZICTA.

Musaganize kuti nthamboyo inali mseu waukuru. Inali kunyamula timagawo ta uthenga 14,400 pa sekondi imodzi. Ndawerengera kuti cithunzi cimodzi cimene mwana wanu ajambula lero pa lamya ya m'manja cikadatha pafupifupi theka la ora kuti cidutse, ndipo nthawi yonseyo dziko lonse likadakhala pa mzere kudikira. Komabe kanjira kameneko kanakwanira kuopsa akuru. Nyuzipepala ya The Post inayamba kuika nkhani zace pa makina a ZAMNET, kuti ana a Zambia okhala kunja aziwerenga. Pa 5 February 1996 inaturutsa kope la nambala 401, loulula zimene Boma linali kukonza mwakabisira za malamulo akuru a dziko. Boma linaletsa kopelo, la pa pepala ndi la pa intaneti lomwe; akonzi atatu, Fred M'membe, Bright Mwape ndi Masautso Phiri, anamangidwa, ndipo ZAMNET inakakamizidwa kucotsa nkhanizo. Koma wowerenga wina ku America anali atazikopa kale pa kompyuta yace, ndipo anaziikanso poyera kumeneko, kumene apolisi athu sakadafika. Pepala ungathe kulitentha. Cinthu cimene cikopedwa popanda kutha, ungacigwire pati? Akuru a Boma anaphunzira zimenezo sabata imeneyo, ndipo akonzi aja bwalo linawamasula caka cotsatira.

Tsono ndifuna kuti muone cinthu cimene ine cindigwira mtima m'mbiri iyi. Zida zimene zinatifikitsa kumeneko sizinali za makampani olemera. Zambiri zinalembedwa ndi anthu wamba pa matebulo a m'nyumba zao, nkuperekedwa kwaulere kapena pa mtengo wocepa. M'caka comweco ca 1991 mwana wa sukulu wa ku Helsinki, Linus Torvalds, wa zaka 21, anayamba kulemba Linux, pulogramu yoyendetsa kompyuta yonse, nalola kuti ali yense aone malangizo ace, awakonze, ndi kugawira anzace. Lero makina ambiri onyamula intaneti ayenda ndi Linux, ndipo lamya za Android ziri nayo m'kati. M'caka ca 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaturutsa mtundu wace wa Linux wosabvuta kwa munthu wamba, naupatsa dzina lakuti Ubuntu, mau amene ife timati umunthu.

Nanga ife tinacita nazo ciani? Pa sukulu ya mishoni kumene ndinaphunzira tinali ndi makompyuta owerengeka, ophimbidwa ndi nsalu zoyera ngati guwa. Tinali kulowa m'cipindamo titabvula nsapato. Anatiphunzitsa kutaipa kalata, kuisunga ndi kuisindikiza, ndipo ndiwayamika. Koma palibe anatiuza kuti pulogramu imene tinali kutaipiramo inalembedwa ndi munthu wa mutu umodzi monga ife. Tinaturuka tiri makalaliki abwino. Pamene Boma linalamula kuti ana onse a Giredi 8 ndi 9 aziphunzira za makompyuta, mayeso oyamba a mu 2015 anaonetsa umphawi wathu poyera: m'masukulu ena ana anadikira mpaka usiku kuti apeze mpata pa makina ocepa amene analipo. Koma si zonse zinali zacisoni. M'caka ca 2011 Lukonga Lindunda ndi anzace anayambitsa BongoHive muno mu Lusaka, malo akuti olemba mapulogramu azikumana ndi kuphunzitsana, ndipo pambuyo pace atsikana atatu, Ella Mbewe, Regina Mtonga ndi Chisenga Muyoya, anayambitsa Asikana Network kuti luso limeneli lisakhale la anyamata okha.

Nkhani iyi ikhudza matumba anu lero lomwe. M'Kalingalinga, momwe ana ambiri a pa Yunivesite amacita lendi, muli timasitolo totaipa makalata ofunsira nchito, tosindikiza ndi tojambula mapepala. Ku Matero, ku Chawama ndi ku migodi ndi cimodzimodzi. Makompyuta ambiri a m'timasitolo timeneti ndi ogwirapo kale nchito, ocokera kunja, ndipo ambiri ayenda ndi Windows 10. Kampani ya Microsoft inaleka kutumiza zotsekera mipata ya akuba za Windows 10 pa 14 October 2025, kupatula kwa iwo amene alembetsa kuti aonjezeredwe kanthawi. Windows 11 ifuna kacipangizo kochedwa TPM 2.0 ndi makina atsopanoko, ndipo makompyuta ambiri akale alibe zimenezi. Makinawo adzayakabe, inde, koma ali ngati nyumba imene mwini loko wacoka ndi zida zace. Akuru amati nkhwangwa yobwereka siicedwa kuguluka.

Kwa inu amene muli ndi makina otere, musafulumire kuwataya kapena kulowa m'ngongole. Coyamba, kopani makalata anu onse ndi zithunzi pa kafulashi kapena pa disiki ina, ndipo muisunge kwina. Pambuyo pace pemphani mnyamata kapena mtsikana wodziwa kuti akuikireni Ubuntu kapena Linux Mint pa kafulashi kena. Mungathe kuiyatsa nkuiyesa osafafaniza kanthu pa kompyuta yanu. Linux Mint imabwera ndi LibreOffice, ndipo pa Ubuntu mungaiike kwaulere. Imatsegula makalata a Word ndi matebulo a Excel, ngakhale nthawi zina mizere imasuntha pang'ono ndipo muyenera kuiongola musanasindikize. Yesaninso makina anu osindikizira, pakuti si onse amamvana ndi Linux, ndipo ndiwo adyetsa ana anu. Ngati zonse zayenda, mpamene mungaiike m'kati mwa kompyuta.

Ndipo pamene mnyamatayo alikugwira nchitoyo, muitane mwana wanu akhale pambali pace, monga acitira ana a amisiri a pa mseu wa Alick Nkhata pogwirira citsulo cimene atate ao alikuocherera. Mumpemphe amuonetse kazenera kakuda kolembamo malamulo, ndi pulogramu ya Python imene iri kale m'menemo. Sabata ya mawa, pa nthawi yomwe ino, ndidzakuuzani mizere yoyamba imene mwanayo angalembe kuti kompyuta iwerengere ndalama za m'sitolo yanu.