Kamera ya pamsewu

Kamera ya pamsewu ndi chipangizo chojambula galimoto yomwe yaphwanya malamulo a pamsewu, kuti chithunzicho chikhale umboni polipiritsa chindapusa.

Chiyambi: Kampani ya Gatsometer, yomwe Maurice Gatsonides adayambitsa ku Netherlands mu 1958, ndi imodzi mwa zoyamba kupanga zipangizo zoyezera liwiro la galimoto.

Mitundu: Ina imamangidwa pamtengo wachitsulo m'mbali mwa msewu, ina wapolisi amaigwira m'manja kapena kuiimika pamiyendo itatu, ndipo ina imaikidwa kutsogolo kwa basi. Mu 2019, mabasi a mumzinda wa New York adayamba kunyamula makamera ojambula galimoto zoima mumkwasa wa mabasi okhaokha.

Kagwiridwe ka ntchito: Kamera yoyeza liwiro imatumiza mafunde a radar kapena kuwala kwa laser ku galimoto, n'kuwerengera liwiro mafundewo akabwerera. Kenako imasunga nambala ya galimoto, malo, tsiku ndi nthawi.

Ku Malawi: Apolisi a pamsewu amagwiritsa ntchito makamera onyamulika pogwira madalaivala othamanga mopyola muyeso, motsatira lamulo la pamsewu la 1997. Kaundula wa galimoto ndi ziphaso za madalaivala amasungidwa ndi nthambi ya boma ya Road Traffic.

Onaninso: chindapusa, laisensi, zikwangwani za pamsewu.