Mtengo wa Olivi: Kadzalidwe Kake Kuchokera ku Njere

Olivi, umene ena amautchula kuti azitona, ndi mtengo wobiriwira chaka chonse wa m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Akatswiri a zomera amautcha Olea europaea, ndipo dziko limene limakolola zipatso zake zochuluka koposa ndi Spain. Akhristu amaudziwa chifukwa cha mafuta amene Ambuye Episkopi amadalitsa pa Misa ya Krisma: a Krisma, a akatekumeni ndi a odwala. Kale mafuta ameneŵa ankayenera kukhala a olivi basi, koma mu 1972 Papa Paulo VI analola kuti pa sakramenti la Kudzoza Odwala, kumene olivi akusoŵa, agwiritse ntchito mafuta a zomera zina.

Kusankha ndi kukonza njere

Njere za olivi wa m'mabotolo a m'sitolo sizimera, pakuti zipatsozo zimakhala zitaviikidwa mu mchere ndi m'mankhwala ochotsa kuŵaŵa. Zofunika ndi zipatso zokhwima zongothyoledwa mumtengo. Chotsani mnofu wonse ndipo mutsuke njerezo bwino. Popeza chikhokhombe chake n'cholimba kwambiri, chikhuleni kunsonga ndi fayilo kapena chisweni pang'ono, mosamala kuti musavulaze kanjere ka m'kati. Kenaka ziviikeni m'madzi tsiku limodzi. Amene ali ndi firiji angathe kuzisunga mu mchenga wachinyezi m'menemo kwa mwezi umodzi, chifukwa kuzizira kumathandiza kuti zidzuke.

Kufesa ndi kuwokera

Fesani m'machubu okhala ndi dothi losakaniza ndi mchenga, pa kuya kwa masentimita 2, ndipo muziike poŵala koma posapsa ndi dzuŵa. Dothi likhale lachinyezi, osati lonyoŵa kwambiri. Kumera kumatenga mwezi umodzi mpaka itatu, mwinanso kuposa apo, ndipo njere zambiri zimakanika. Choncho n'kwanzeru kufesa zochuluka. Mbande ikalimba, iwokereni pamalo a dzuŵa pamene madzi sadikha. Mtengo wokhwima umapirira chilala, koma mizu yake imawola msanga m'dothi la lowe.

Zimene wodzala ayenera kudziŵiratu

Choyamba, mtengo wa njere sufanana ndi mayi wake: zipatso zake zingathe kukhala zazing'ono ndi zochepa mafuta. Chachiŵiri, umachedwa kubereka, nthaŵi zina zaka 10 kapena kuposerapo, pamene wochokera ku nthambi yodula umayamba pakatha zaka 3 mpaka 5. N'chifukwa chake alimi a olivi amadzala nthambi, kapena amamezanitsa nthambi ya mtundu wabwino pa mbande ya njere. Ntchito yomezanitsayi ndi imene Paulo Woyera akuigwiritsa ntchito monga fanizo m'mutu 11 wa kalata yake kwa Aroma.

Mitengo isanu ndi itatu yakalekale ya m'munda wa Getsemani, dzina lotanthauza moponderamo mafuta, ikuchitira umboni zomwezi. Kafukufuku wa akatswiri a ku Italy amene anatuluka mu 2012 anapeza kuti itatu mwa iyo ndi ya m'zaka za 1092, 1166 ndi 1198, ndiponso kuti yonse inachokera ku mtengo umodzi, kusonyeza kuti sinamere ku njere koma ku nthambi.

Chachitatu ndi nyengo. Olivi amafuna milungu ingapo yozizira kuti achite maluŵa, ndipo kwawo mvula imagwa m'nyengo yozizira, pamene chilimwe chimakhala chouma. Kumwera kwa Africa nyengo yotere imapezeka ku Western Cape m'dziko la South Africa, kumene olivi amalimidwadi. Kuno mvula imagwa nthaŵi yotentha, ndipo kumadera otentha monga kuchigwa cha Shire mtengowu ungathe kukula koma osabereka. Mwayi uli kumadera okwera ndi ozizira.

Choncho parishi kapena mphakati wofuna zipatso ufune mbande zomezanitsa kwa odziŵa za nazale. Koma wofuna mtengo woti ana a katekisimu auone ndi maso ndi kukhudza masamba ake, njere ndi yokwanira. Akumbukire chabe kuti chipatso chongothyola n'choŵaŵa, ndipo sichidyedwa chisanakonzedwe m'madzi a mchere.