Ntchito ya ku myuziyamu: kodi ndi yongopukuta fumbi basi?

Anzanga, tikamacheza za tsogolo kuno ku Kachulu, ntchito zomwe timatchula ndi zomwezomwezi: usodzi, geni ya matemba, kabaza, uphunzitsi, unamwino. Sindinamvepo wina akuti akufuna kukagwira ntchito ku myuziyamu, nyumba yosungiramo zinthu zakale ija. Ambirife timaiona ngati ntchito yolondera miphika yosweka. Tatiyeni tione kaye mbiri yake.

Lamulo lokhazikitsa myuziyamu m'dziko muno linapangidwa mu 1957, dziko likadali Nyasaland. Poyamba katundu ankaonetsedwa ku Mandala House ku Blantyre, kenaka mu 1966 anatsegulira nyumba ya pa Chichiri. Mu 1971 anatsegulanso ina ku Mangochi, yofotokoza za moyo wa pa nyanja ya Malawi. Koma ine imandisangalatsa kwambiri ndi ya pa Namaka, m'mbali mwa msewu wochoka ku Zomba kupita ku Blantyre. Ndi kanyumba kakang'ono zedi. Kale amtengatenga onyamula makalata wapansi pakati pa matauni awiriwa, mtunda woposa makilomita 60, ankapumulira pamenepo. Mu 1991 kanasanduka myuziyamu.

Ndiye taganizani mwalembedwa ntchito pamalo aang'ono ngati amenewo. Kumyuziyamu zikuluzikulu ntchito iliyonse ili ndi mwini wake. Pakang'ono, zonse ndi zanu. Chinthu chikabwera mumachipatsa nambala, n'kulemba komwe chachokera, amene wapereka ndi ntchito yomwe chinkagwira. Mumalimbana ndi chiswe, njenjete komanso chinyezi cha nthawi ya dzinja. Ana asukulu akafika, mphunzitsi ndinu. Mlendo wakunja akafika, Chingerezi chija chigwire ntchito. Pakatha zaka zingapo mumapezeka kuti mwaphunzira ntchito za anthu asanu.

Tisanamizane, si ntchito yolemeretsa, ndipo masiku ena limatha tsiku osalandira mlendo ngakhale m'modzi. Nanga chokoma chake n'chiyani? Tamvani za ku Karonga. Mu 1991 akatswiri awiri, Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage, ankafufuza mafupa akale pamalo otchedwa Uraha. Amene anatola chibwano cha munthu wakalekale, cha zaka zoposa 2 miliyoni, anali Mmalawi wa m'gulu lawo, a Tyson Msiska. Chibwanocho, chomwe chinapatsidwa nambala ya UR 501, chimadziwika pa dziko lonse. Mu 2004 ku Karonga kunatsegulidwa myuziyamu, momwe muli chigoba cha chinyama chakale chotchedwa Malawisaurus. Phunziro lake ndi ili: ntchitoyi imafuna maso akuthwa ndi munthu wodziwa dera lake. Mapepala a sukulu ndi ofunika, koma okha sakwanira.

Tsono tibwerere kwathu. Nyanja ya Chilwa ili ndi mbiri yoti ingadzaze nyumba. David Livingstone anaiona mu 1859, atapeza anthu akukhala kale m'mbali mwake. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo ambirife tikukumbukira momwe mabwato anakhalira pamatope ouma padoko mu 2018. Mu 1996 inakhala malo oyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lapansi. Akatswiri analemba mabuku za madzi, makumba ndi mbalame. Koma nanga mawu a agogo athu amene anaona chilala cha 1968 akusunga ndani? Anadya chiyani nsomba zitatha? Anathawira kuti? Anadziwa bwanji kuti madzi abwerera? Mwana amene anali ndi zaka 10 nthawi imeneyo lero wadutsa zaka 65. Maliro alionse a munthu wamkulu kuno kapena ku Chisi amapita ndi nkhani zomwe palibe analemba.

Simufunika kudikira kalata ya ntchito kuti muyambe. Foni yomwe mukuwerengera nkhaniyi ikukwana. Pitani kwa agogo, apempheni chilolezo, jambulani mawu awo. Jambulaninso mono, khoka, bwato logoba ndi zimbowera za asodzi. Chilichonse mulembe dzina lake, tsiku, malo ndi amene wakufotokozerani, chifukwa chinthu chopanda mbiri yake ndi chikuni chabe. Imeneyo ndiyo ntchito yeniyeni ya ku myuziyamu.

Amene mtima wagunda, limbikirani History pa MSCE. University of Malawi ili pa Zomba pompa, National Archives ilinso pomwepo. Tsiku lina mukadzapita kukapempha malo, mudzakhala ndi kope lodzaza m'manja.

Pamsonkhano ukubwerawu, aliyense abwere ndi dzina la munthu wamkulu m'modzi woti tikamuchezere. Tiyambe ndi amene ali okalamba kwambiri.